Bala la craft beer ku Cape Town: zoti mudziwe musanaitanitse galasi loyamba

Mwina munaziwonapo pa Facebook kapena pa status ya mnzanu amene ali ku Cape Town. Patebulo pali kathabwa, pamwamba pake timagalasi tinayi kapena tisanu: kena kachikasu, kena kofiirira, kena kakuda bii ngati khofi, kena kofuwira ngati madzi a mtsinje m'dzinja. Mwini chithunzi walemba kuti craft beer, ndipo m'ma comment anthu akufunsana ngati ndi mowa kapena ndi sobo.

Ndi mowa ndithu, ndipo wina mwa iwo ndi waukali kuposa umene tinazolowera kuno. Amalawi ambiri amapita ku South Africa, ena kukagwira ntchito, ena kusukulu, ena kukaoda katundu, ndipo tsiku lina mnzanu kapena bwana adzakutengerani ku malo otere. Mukakalowa ndi maganizo a pa bottle store, oti bweretsani wozizira basi, mudzatuluka thumba litapepuka, miyendo italemera. Tiyeni titenge bala limodzi lodziwika, tiwone mmene zimakhalira.

Malowo ali kuti

Banana Jam Cafe ili pa Second Avenue ku Harfield Village, dera la timisewu ting'onoting'ono ndi tinyumba takale pakati pa Claremont ndi Kenilworth, kummwera kwa mzinda wa Cape Town. Si m'katikati mwa tauni momwe muli chipwirikiti cha Long Street. Ndi bala la m'dera la anthu, lomwe linatsegulidwa mu 1999. Ngati mukuyenda pa sitima ya Southern Line, siteshoni ya Harfield Road ili pafupi, mutha kungoyenda pansi. Dera limeneli lili ndi mbiri yake yowawa: nthawi ya tsankho mabanja ambiri amene sanali azungu anachotsedwamo mokakamiza pansi pa lamulo la Group Areas Act. Lero ndi dera la malo odyera.

Malowa amadziwika ndi zinthu zitatu: chakudya cha ku zilumba za Caribbean, mowa wa rum wamitundumitundu, ndi mipope yambirimbiri ya craft beer. Pamwamba pa nyumba yomweyo pali kofululira mowa kotchedwa Afro Caribbean Brewing Company, choncho mowa wina umene mukumwa pansi wafulidwa pamwamba pa mutu wanu. Umodzi mwa mowa wawo wotchuka ndi Coconut IPA, womwe amathiramo kokonati. Mipope ina imakhala ya ofulula ena ang'onoang'ono a m'dzikomo, ndipo imasinthasintha. Umene mnzanu anamwa mwezi watha mwina simuupezanso.

Nanga craft beer ndi chiyani kwenikweni?

Mwachidule, ndi mowa wofululidwa ndi kampani yaing'ono, pang'onopang'ono, wofulula akuikapo dzanja lake ndi kakomedwe kake. Kampani yaikulu imafuna kuti botolo la lero likome chimodzimodzi ndi la chaka chatha, ku Karonga ndi ku Nsanje komwe. Wofulula wamng'ono alibe nazo ntchito zimenezo. Iye amafuna kuti mukalawa mufunse kuti muli chiyani umu.

Aliyense amene anawonapo agogo kapena azakhali akufulula masese amadziwa kale theka la nkhaniyi. Kumudzi amanyika chimanga, mawere kapena mapira m'madzi, mbewu n'kumera, n'kuyanika, n'kusinja. Chimenecho ndi chimera. Azungu amachita zomwezo ndi balere, n'kumati malt. Kumera kuja kumadzutsa mphamvu yomwe ili m'mbewu yosandutsa ufa kukhala shuga. Chimera chikanyikidwa m'madzi otentha, pamatuluka madzi otsekemera, achibale ake a thobwa. Madziwo amawiritsidwa, n'kuziziritsidwa, kenako amathiramo yisiti. Yisiti amadya shuga uja n'kutulutsa mowa ndi mpweya umene umapanga thovu. Thobwa likagonera masiku limayamba kuluma palilime pa chifukwa chomwechi.

Kusiyana kwakukulu kuli pa hops. Awa ndi maluwa obiriwira a chomera choyanga, ooneka ngati timabuli ting'onoting'ono. Akawathira koyambirira kwa kuwiritsa amapereka kuwawa. Akawathira kumapeto, kapena mowa utayamba kale kusasa, amapereka fungo: la malalanje, la mango, la magalagadeya, nthawi zina la mtengo wa paini. Mu Green kapena Castle mulinso hops, koma ochepa, ongokwanira kuti mowa usatsekemere. Ofulula ang'onoang'ono amathira mosaumira. Ku South Africa hops amalimidwa kufupi ndi tauni ya George, ndipo kuli mitundu yakomweko monga Southern Passion ndi African Queen, pomwe balere wambiri amachokera cha ku Caledon. Ena amaitanitsa hops ku America, ku Germany ndi ku New Zealand, ndipo apa ndi pamene mtengo umayambira kukwera.

Mbiri yake si yaitali. Ku America, m'zaka za m'ma 1970 makampani akuluakulu ochepa ndiwo anali atagwira msika wonse, onse akugulitsa mowa wofanana. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola anthu kufulula mowa kunyumba, ndipo ena mwa ofulula a m'magalaja anatsegula timakampani. Sierra Nevada ya ku California inayamba kufulula mu 1980, ndipo Pale Ale yake, yonunkhira hops a mtundu wa Cascade, inatsegula maso a anthu ambiri. Ku South Africa woyamba anali Lex Mitchell, yemwe anatsegula Mitchell's Brewery ku Knysna mu 1983. Koma zinthu zinadzatentha cha m'ma 2010, pomwe maina ngati Jack Black, Darling Brew, Devil's Peak ndi CBC anayamba kuoneka m'mabala a Cape Town.

Ife kuno tinakulira mowa wa mtundu umodzi. Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo mu 2016 inagulitsa gawo lake ku kampani ya Castel ya ku France. Green, Kuche Kuche, Special, Chill, zonsezi ndi banja limodzi lotchedwa lager. N'chifukwa chake Mmalawi akamva kuti mowa wa m'botolo, lilime lake limayembekezera chinthu chimodzi. Ku bala la craft lilime limenelo limasokonezeka kaye.

Kuwerenga bolodi

Mukakhala pansi adzakupatsani menu ya mowa, kapena mudzaona bolodi pakhoma. Pa mowa uliwonse pamalembedwa dzina, wofulula, mtundu wake, ndi manambala. Maina musavutike nawo, ambiri ndi nthabwala chabe. Yang'anani mtundu ndi manambala.

Mowa wonse umagawika pawiri malinga ndi yisiti. Lager amasasitsa pozizira, pa madigiri 8 mpaka 13, kenako n'kuusunga m'chisanu milungu ingapo. Dzinalo likuchokera ku liwu la Chijeremani lotanthauza kusunga. Umatuluka woyera, wosalala, wopanda mafungo ambiri. Pilsner ndi lager yomweyo koma yowawirapo pang'ono, ndipo inayambira mu mzinda wa Plzeň ku Czech Republic mu 1842. Ngati mukuopa, yambirani apa. Simudzasochera.

Ale amasasitsa pofundirapo, pa madigiri 18 mpaka 22, ndipo amapsa msanga. Yisiti wake amasiya kafungo ka zipatso. Ofulula ang'onoang'ono amakonda ale chifukwa sachedwetsa mathanki, ndiye mipope yambiri imene mudzaone ndi ya banja limeneli.

Golden ale kapena blonde ndi wofatsa, woyandikana ndi lager. Amber ale ndi wofiirira, wotsekemererako ngati shuga wopsereza. Weiss ndi wa tirigu, wofuwira, wathovu lambiri, ndipo amanunkhira nthochi. Musakangane ndi waiter, mulibe nthochi mmenemo, ndi yisiti amene amatulutsa fungo limenelo. Stout ndi porter ndi akuda chifukwa chimera chake amachikazinga mpaka kuda, n'chifukwa chake mumamva khofi kapena chokoleti. Amene anamwapo Carlsberg Stout kapena Castle Milk Stout sadabwa. Ndipo kuda sikutanthauza ukali: pali ma stout ena ofatsa kuposa mowa wachikasu umene uli pambali pake.

Tsopano IPA, yemwe ndi mfumu ya mabala amenewa komanso amene amagwetsa alendo. Zilembozi zikuimira India Pale Ale, mowa wa hops ambiri womwe Angerezi ankatumiza pa sitima za pamadzi kupita ku India zaka zoposa 200 zapitazo. Amereka anautenga n'kuwonjezera moto. Mukaununkhiza mumamva zipatso, mtima n'kumati ndi juwisi. Mukameza, kuwawa kumabwera pambuyo n'kukhazikika kukhosi ngati mwatafuna khoko la lalanje. Anthu ambiri galasi loyamba amakwinya nkhope. Lachiwiri amayamba kumvetsa. Ku Cape Town wotchuka kwambiri ndi King's Blockhouse IPA wa Devil's Peak, wa 6 peresenti, wotchedwa dzina la kalinga kakale ka asilikali komwe kali paphiri la Devil's Peak. Mukaona palembedwa hazy kapena New England IPA, ameneyo ndi wofuwira, wosawawa kwambiri, wofewa pakamwa. Ndi wonyenga, chifukwa amatsetsereka ngati juwisi koma mphamvu ili momwemo. Double IPA ndi mkulu wake, amayambira cha pa 7.5 mpaka 10 peresenti.

Palinso sour, mowa wowawasa. Alendo ena ochokera kwina amaganiza kuti wawonongeka, koma kwa ife ndi wapachibale. Tizilombo timene timawawasitsa masese, Chibuku ndi chambiko ndi tomwe ofulula amaika dala mu sour, nthawi zambiri n'kuwonjezeramo zipatso. Kunena zoona, Mmalawi amene anakulira pa chipanda amamva sour msanga kuposa IPA.

Manambala ndi awiri. ABV ndi kuchuluka kwa mowa weniweni, pa peresenti. IBU ndi muyeso wa kuwawa: lager wamba amakhala pakati pa 8 ndi 25, IPA pakati pa 40 ndi 70. Pa awiriwa, wofunika pa moyo wanu ndi ABV.

Masamu amene ambiri sachita

Apa ndi pamene pali nkhani. Kuche Kuche safika 4 peresenti, Green safika 5. Castle Lager ndi 5, Black Label ndi 5.5. Tinazolowera kuwerenga mabotolo: ine anayi ndimakhala bwinobwino, asanu ndi limodzi ndiye ndayamba kuyankhula Chingerezi. Kuwerenga kumeneko ku bala la craft sikugwira.

Tengani botolo la 330ml la mowa wa 5 peresenti. Mowa weniweni mmenemo ndi 16.5ml. Tsopano tengani galasi la 500ml la IPA ya 7 peresenti. Mmenemo muli 35ml. Galasi limodzi laposa mabotolo awiri. Mukamwa magalasi atatu, thupi lanu lalandira mabotolo oposa asanu ndi limodzi, pomwe mutu wanu ukuwerenga atatu. Double IPA ya 9 peresenti pa galasi lomwelo ndi 45ml, kuyandikira mabotolo atatu. N'chifukwa chake mowa waukali kwambiri amaupereka m'galasi laling'ono. Si kuumira ayi, akukutetezani.

Ndipo sumveka ukali pakamwa ngati kachasu. Fungo la zipatso limabisa zonse, mumangozindikira poimirira kupita ku toilet kuti pansi pakuyenda. Matsire ake mawa lake ndi omwewo amene mumawadziwa, mtengo wa mowa suchepetsa mutu.

Njira yabwino kwa mlendo ndi kathabwa kaja. Amakatchula flight kapena tasting tray: timagalasi ting'onoting'ono ta mitundu yosiyana. Yambani ndi wofatsa, lager kapena golden ale, kenako weiss, amber, IPA, n'kumalizira wakuda. Mukayamba ndi IPA, lilime limachita dzanzi ndipo zotsatira zonse zimangokoma ngati madzi. M'mabala ambiri otere mutha kupemphanso kulawa kadontho musanagule galasi lonse, ndipo palibe amene angakuoneni ngati wotchona wopanda ndalama. Ndi mwambo wake. Muuzeni waiter zimene mumamwa kwanu ndi zimene simukonda. Mawu oti sindikonda zowawa amakupulumutsirani ma rand ambiri.

Za kuzizira: musadandaule mukapeza kuti mowa wina sukuzizira mpaka kuumitsa mano. Chisanu chimapha fungo, ndiye stout ndi ale zina amazipereka zozizira pang'ono chabe. Thovu la zala ziwiri pamwamba nalonso si kukuberani, limasunga fungo. Mukafuna kugula wopita nawo kunyumba, sankhani wa m'chitini kapena wa m'botolo la bulauni, ndipo onani tsiku. Kuwala kwa dzuwa kukalowa mu mowa wa hops kumatulutsa kafungo konyansa, ndipo botolo lobiriwira silitchinga bwino. Amene anamwapo Green yemwe anakhalitsa padzuwa akudziwa chimene ndikunena. IPA nayo sifuna kusungidwa, fungo lake limathawa pakangopita miyezi yochepa.

Chakudya

Ku bottle store chakudya chimakhala panja, pa chiwaya kapena pa kanyenya, ndipo chimabwera mowa utayamba kale kugwira. M'bala ngati Banana Jam khitchini ndi theka la bizinesi. Anthu amabwera kudzadya, ena ndi mabanja awo, ndipo mowa umayendera limodzi ndi mbale.

Chakudya chodziwika cha ku Jamaica ndi jerk chicken: nkhuku yonyikidwa mu zokometsera kwa maola ambiri, kenako n'kuwotcha pamoto. Mu zokometserazo zazikulu ndi allspice, thyme ndi tsabola wotchedwa scotch bonnet. Tsabola ameneyu ndi wa mtundu umodzi ndi kambuzi wathu, ndiye fungo lake mudzalizindikira musanalume. Wokonda kanyenya wa kambuzi afika kwawo.

Koma samalani ndi kaphatikizidwe. Anthu ambiri amaganiza kuti mowa uliwonse umazimitsa tsabola. Ayi. Kuwawa kwa hops ndi ukali wa mowa zimakoleza moto wa tsabola, ndiye jerk chicken ndi Double IPA ndi nkhondo m'kamwa. Ena amaikonda nkhondo imeneyo, ndi ufulu wawo. Koma ngati mukufuna kumva kukoma kwa nkhuku, tengani lager, weiss kapena amber ale, chifukwa katsekemera ka chimera kamaziziritsa lilime. IPA imayenda bwino ndi zamafuta, monga burger, tchipisi ndi nthiti za nkhumba, popeza kuwawa ndi mpweya wake zimatsuka mafuta pakamwa. Stout imafuna nyama yowotcha kapena ya msuzi wokhuthala, ngakhalenso keke ya chokoleti. Weiss ndi sour zimagwirizana ndi nsomba. Chambo chowotcha ndi weiss wozizira zikanakumana, bwenzi ili nkhani ina.

Ndipo idyani musanamwe kapena mukumwa, osati pomaliza. M'mimba mukakhala chakudya mowa umalowa m'magazi pang'onopang'ono. Pemphaninso madzi akumwa, muziika pakati pa galasi ndi galasi.

Bilu, tip ndi ulendo wobwerera

Craft beer ndi wodula kuposa Castle kapena Black Label, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Wofulula wamng'ono amagula chimera ndi hops pang'onopang'ono, pa mtengo wokwera, zina zochokera kunja. Amathira zambiri pa lita iliyonse. Msonkho wa boma nawo umawerengedwa potengera kuchuluka kwa mowa weniweni, ndiye mowa waukali umalipira wambiri. Chizolowezi chathu chogulirana ma round pano chimapweteka. Anthu asanu, aliyense round yake, ndiye kuti aliyense wamwa magalasi asanu a mowa waukali ndipo bilu yafika pa ndalama ya lendi. Gwirizanani poyamba kuti aliyense alipira zake, ndipo uzani waiter asanayambe kulemba. Kumeneko si zamanyazi.

Ku South Africa tip ndi mwambo wokhazikika, 10 peresenti ya bilu kapena kuposerapo. Ma waiter ambiri amadalira imeneyo kuposa malipiro. M'malo odyera a Cape Town ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Zimbabwe, ku Congo ndi kwathu konkuno, choncho musadabwe wina akamva mukuyankhula Chichewa n'kukupatsani moni wa kumudzi. Ameneyo ndiye womufunsa kuti mowa wabwino lero ndi uti. Koma chibale chisakhale chifukwa chomumana tip, naye ali ndi anthu akudikira Mukuru kumudzi.

Zaka zololedwa kumwa ndi 18, ngati kuno, ndipo ngati nkhope yanu ndi yachibwana tengani chiphaso. Pa zoyendetsa galimoto, malire a ku South Africa ndi 0.05 galamu pa 100ml ya magazi, ndipo kwa oyendetsa galimoto ngati ntchito ndi 0.02. Galasi limodzi lalikulu la IPA litha kukufikitsani pamenepo, makamaka ngati thupi lanu ndi laling'ono kapena simunadye. Akakugwirani ndi mlandu wa kukhoti, osati zokambirana pamsewu, ndipo kwa mlendo mbiri ya mlandu imadzavutitsa pokonzanso mapepala. Amene amayendetsa Uber, Bolt kapena njinga zoperekera zakudya, laisensi ndiye munda wanu. Itanani galimoto pa foni, ndipo muidikirire mkati, osati pamsewu foni ili m'manja. Sitima ija ndi yabwino popita masana, musaiwerengere pobwerera usiku.

Si zonse zolembedwa craft zili za ang'onoang'ono

Ku America bungwe la Brewers Association lili ndi tanthauzo lake: wofulula wa craft asapitirire migolo 6 miliyoni pachaka, ndipo kampani yaikulu ya mowa isakhale ndi gawo lofika 25 peresenti mwa iye. Ku South Africa liwuli aliyense amaligwiritsa ntchito mmene wafunira. Makampani akuluakulu ataona kuti achinyamata a m'tauni akuthawira ku timabala iti, anayamba kugula. Heineken inagula Stellenbrau ya ku Stellenbosch mu 2017, n'kulowanso mu Soweto Gold ndi Jack Black. SAB yomwe, mwini Castle ndi Black Label, inamezedwa ndi AB InBev mu 2016. Izi sizikutanthauza kuti mowawo unaipa, ena ndi okoma mpaka lero. Koma ngati cholinga chanu n'kuthandiza wofulula wamng'ono, tembenuzani chitini muwerenge kuti wafulula ndani, kapena funsani kuti ndi mipope iti ya pamwamba paja.

Ang'onoang'onowo anavutika kwambiri nthawi ya Covid-19. Boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 27 March 2020, n'kudzaletsanso maulendo ena angapo mpaka mu 2021. Mowa wa m'migolo sudikira, ndipo ofulula ena ndi mabala ena sanadzukenso. Choncho musadalire chithunzi cha mnzanu cha zaka zitatu zapitazo. Musananyamuke, onani tsamba la malowo pa Facebook kapena Instagram kuti mudziwe maola otsegulira ndi mowa umene uli pa mipope sabata imeneyo, ndipo ngati ndi Lachisanu madzulo, sungitsiranitu tebulo.